Za kambaniro ka shuga kaja

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi zija ndaziona. Mukufunsa ngati kambaniro ka shuga kamene anakupatsani agogo omwe mumawasamalira aja ndi ka siliva weniweni, poti chidindo cha tawuni yomwe anakayesera siliva wake palibe, komanso zilembo zitatu zija n'zachiyani.

Kameneko musakapeputse ayi. Taonani mkati mwa mikono yake momwe munajambulamo. Kamkango kakuyenda kaja ndi chidindo cha ku England, kutanthauza kuti ndi siliva weniweni, magawo 925 pa 1000. Zongokutira pamwamba amalemba EPNS, mkango sukhalapo. Ndiye pambali pake pali kamutu ka munthu, eti? Umenewo ndi mutu wa mfumu, umboni woti msonkho unalipidwa. Chidindo chimenechi chinayamba mu 1784 n'kudzatha mu 1890. Wanuwo ndi mutu wa bambo, choncho kanapangidwa pakati pa 1784 ndi nthawi imene mfumukazi Victoria ankalowa ufumu, cha mu 1837. Zaka zimenezo, achemwali!

Za tawunizo zisakudetseni nkhawa. N'zoona London amadinda mutu wa kambuku, Birmingham nangula, Sheffield kale inali ndi chisoti chachifumu, koma nthawi imeneyo pa tinthu ting'onoting'ono ngati aka ndi timasipuni ta tiyi, a ku London kawirikawiri chidindo cha tawuni ankachisiya. Si chinyengo.

Zilembo zili popindika pajazo, chimodzi pamwamba ziwiri pansi, ndizo zandisangalatsa ine. Chapamwambacho ndi choyamba cha dzina la banja, zapansizo china cha mwamuna china cha mkazi. Eni ake oyamba amenewo, mwina inali mphatso ya ukwati.

Kunsonga kooneka ngati zigoba za nkhono kuja si zokongoletsa chabe. Masiku amenewo shuga ankabwera chimulu chimodzi cholimba, chosongoka kumwamba, n'kumachiswa ndi mbaniro ina yachitsulo. Zibenthu zake zinali zosafanana, ndiye pankafunika kansonga kolowa mkati kuti zisaterereke pothira mu tiyi.

Koma chonde, ndikukudziwani inu pa nkhani yotsuka. Musakakweche ndi mchenga kapena phulusa ngati poto wa nsima, mufufuta zidindozo, chonsecho mtengo wake uli pa zidindo zomwezo. Madzi ofunda, sopo pang'ono, kansalu kofewa, basi. Ndipo musamakatambasule kwambiri, popindika paja pamang'aluka. Mundijambulirenso pafupi kachilembo kali kokha pafupi ndi mkango kaja, ndi kamene kamanena chaka chenicheni.