Mkono wamanzere ukulefuka, mutu ukuzungulira

Funso: Atate anga a zaka 63 ndi kalipentala ku Matero. Akamapala matabwa, mkono wamanzere umalefuka ndipo amamva chizungulire. BP kumanja ndi 150, kumanzere 110. Ku chipatala cha UTH sikani yaonetsa kuti mtsempha wa subclavian watseka. Kodi opaleshoni yake imachitika bwanji?

Yankho: Pepani ndi matendawa. Mtsemphawu umadutsa pansi pa fupa lopingasa lochoka pakhosi kupita paphewa, ndipo umadyetsa mkono. Nthambi yake ina, vertebral, imakwera kuubongo. Mafuta akatseka poyambira mtsempha, mkono ukamagwira ntchito umakoka magazi kudzera m'nthambiyo chobwerera. Ubongo umaperewera magazi, n'chifukwa chake atate anu akumva chizungulire. Vutoli limakonda kumanzere.

Nthawi zambiri madokotala amayamba ndi stent. Amalowetsa kachubu m'mphechepeche kapena pamkono, n'kufufumitsa kabaluni potsekapo, kenako n'kusiyapo stent, kaukonde kachitsulo koti mtsempha usatsekenso. Koma ngati patseka kotheratu moti waya wotsogolera kachubuko sakudutsa, amacheka.

Wodwala amamugoneka ndi mankhwala. Amacheka pamwamba pa fupa lija, osatsegula chifuwa. Amabaya heparin kuti magazi asaundane, amapana mtsempha wa m'khosi wa carotid, n'kusokererapo chubu chochita kupanga cha Dacron kapena PTFE cha mamilimita 6 mpaka 8. Mbali inayo amailumikiza ku subclavian kutsogolo kwa potseka. Njira ina ndi kudula subclavian n'kuisokerera mwachindunji ku carotid popanda chubu, ndipo imakhalitsa kwambiri.

Zoopsa zilipo, muzidziwiretu. Kachidutswa ka mafuta kangathothoke popana carotid n'kuyambitsa sitiroko, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Minyewa ya phrenic ikakhudzidwa, kupuma kumavuta. Ina ikakhudzidwa, mawu amasasa kapena chikope chimagwa. Kumanzereko kumadutsanso njira yonyamula madzi amafuta ochokera m'matumbo. Ikabooka, pabala pamatuluka madzi onga mkaka, ndipo wodwala amasiya kaye zamafuta, nthawi zina amabwerera kuthiyeta.

Akatuluka m'chipatala, aspirin ndi statin (mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi) asadumphitse, ndipo ngati amasuta, fodya asiyiretu chifukwa amatsekanso chubucho. Pakadali pano BP aziyezedwa kumanja. Kumanzere imanamiza kuti ili bwino pamene yakwera. Pakamwa pakapindika, mawu akasokonekera kapena dzanja likazizira mwadzidzidzi, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.