Mijigo ingaphwetse nyanja ya m'tauni?

Funso: Ndinamva kuti nyanja ya White Bear Lake ku Minnesota, m'dziko la America, inaphwera chifukwa cha mijigo. Zingatheke bwanji pomwe mijigoyo ili kutali ndi gombe?

Yankho: Zimatheka ndithu. Nyanjayi ilibe mtsinje waukulu wothiramo, imadalira mvula ndi madzi apansi. Kunsi kwake kuli miyala yosunga madzi yotchedwa Prairie du Chien-Jordan, momwe matauni ozungulira amapopamo. Akapopa mopyola muyeso, madzi apansiwo amatsika, ndiye a m'nyanja amalowerera pansi pang'onopang'ono kukadzaza mpatawo. Mu 2013 nyanjayi inaphwa kwambiri, mabwato n'kutsala pamchenga. Mu 2017 khoti linalamula kuti zilolezo zopopera madzi m'dera la mamailosi 5 kuzungulira nyanjayo ziunikidwenso, komanso kuti kuthirira kapinga kuziletsedwa madzi akatsika kwambiri.

Pofuna kudziwa ngati mijigo ikuphwetsa nyanja yakwanu, zikani ndodo yoyezera madzi m'nyanjamo, muziiwerenga sabata iliyonse. Mjigo uliwonse ukhale ndi mita yowerengera madzi opopedwa. Chofunika zedi, chomwe ambiri amachinyozera, ndi chitsime chongoyezera, chosapopedwa. Mukayeza m'chitsime chomwe pampu ikuyenda, mupeza madzi otsika mwabodza. Chilala nachonso chimaphwetsa nyanja, choncho muzilembanso kuchuluka kwa mvula kwa zaka zingapo musanaloze chala mijigo yokha.