Mwana akufuna kuphunzira za miyala ndi nyenyezi, ndiye adzadya chani?

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina, dzina ndisunga. Akuti mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE, masamu ndi fizikisi ndiye zakezake, koma pamafomu a ku yunivesite waika Earth Science (maphunziro a miyala, nthaka ndi madzi) pamwamba, ndipo usiku amangokhalira mavidiyo a NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo, pafoni mpaka bandulo kutha. Iwo amafuna unamwino. Funso lawo ndi loti, "Kodi ntchito zake zilipo kuno kwathu, kapena ndizivutika ndi fizi kuti mwana adzandibweretsere thumba la miyala?"

Mayi, musamuletse mwanayo. Koma sindikunamizani kuti ndi njira yosalala ngati ya unamwino yoti ukamaliza aliyense akudziwa kuti ukulowera ku chipatala, iyi ntchito umachita kuilondola komwe ili ndipo nthawi zambiri komwe ili ndi kutchire.

Sukulu zake zilipo. MUST ku Thyolo, yomwe inayamba kuphunzitsa mu 2014, ili ndi za miyala, zanyengo komanso zogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti. UNIMA ku Zomba za miyala inayamba kalekale, ndipo MUBAS ku Blantyre kuli uinjiniya wa migodi.

Anthu akamva za miyala amathamangira migodi, ndipo sakulakwa. Kasiya ku Lilongwe kuli rutile, mwala womwe amachotsamo chitsulo cha titanium, yemwe eni pulojekitiyo, a Sovereign Metals, amati ndi wochuluka kuposa kwina kulikonse padziko, mpaka kampani yayikulu ngati Rio Tinto inagulamo masheya mu 2023. Kangankunde ku Balaka ndi Songwe ku Phalombe kuli ma rare earth, aja amapangira maginito a m'magalimoto amagetsi, Kanyika ku Mzimba kuli niobium, yemwe amalimbitsira zitsulo. Malo onsewa mgodi usanatsegulidwe pamakhala zaka ndi zaka za kuboola pansi, ndiye mwana wanu ntchito yake yoyamba mwina idzakhala imeneyo, kukhala pansi pa tenti dzuwa likuswa mtengo, patsogolo pake mabokosi ataliatali odzadza miyala yoboola ngati misinjiro, iye kumanyowetsa mwala uliwonse ndi burashi kuti mtundu uoneke, kuyang'ana ndi kagalasi kakang'ono, kudontheza asidi pang'ono kuona ngati uchite thovu, kenako kulemba mita ndi mita zomwe waona. Azibwera kunyumba atada ndi dzuwa, nsapato zili fumbi lokhalokha, musadzadabwe.

Vuto la migodi ndi loti imayendera mitengo ya kunja. Kayelekera ku Karonga inatsegulidwa 2009, pofika 2014 inaima chifukwa mtengo wa uranium unagwa itachitika ngozi pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, anthu ntchito kutha, ndipo yadzayambanso mu 2025 ili m'manja mwa Lotus Resources. Zaka zoposa khumi zimenezo. Ndiye wongodalira mgodi basi amakhala ngati mlimi wa fodya, chaka china ndalama mbwee chaka china misozi.

Ine komwe ndimaona kuti ntchito siingathe ndi kumadzi. Mjigo uliwonse womwe mukuuona, ngati unakumbidwa mwanzeru, panabwera kaye munthu kudzayala mawaya, kukhoma zitsulo pansi ndi hamala, kulowetsa magetsi m'nthaka nkumawerenga pamakina kuti madzi ali pati komanso akuya bwanji. Akapanda kutero ndi ija mijigo imauma mwezi wa Okutobala, kapena imatulutsa madzi amchere ngati momwe zimachitikira madera ena ku Chikwawa ndi Nsanje. Mabungwe, ma water board, makampani okumba mijigo, onsewa amafuna munthu wotere, ndipo ukadziwika kuti sumaphonya anthu amakusaka okha. Kulinso misewu, milatho ndi madamu, palibe amamanga osayeza nthaka. Kuboma kuli Geological Survey ku Zomba, omwe amasunga zotsatira za ndege ya kauniuni ija inkazungulira mmwambamu kufufuza miyala yapansi anthu nkumadabwa, komanso nthambi ya zanyengo ku Blantyre, kungoti mipata yakuboma imatuluka mwa apo ndi apo.

Nanga namondwe Freddy mu Malichi 2023 simunaone? Anthu oposa 1,000 anapita, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kudziwa kuti phiri liti lingagumuke, napolo angadutse khwawa liti, anthu asamange pati, imeneyo ndi ntchito ya anthu a maphunziro omwewa, ndipo sitinganene kuti atikwana.

Tsopano za NASA zo. Kunena mosabisa, kuno ntchito yolipidwa yoyang'ana nyenyezi musaiyembekezere. Koma pafupi pompa ku South Africa, kuchipululu cha Karoo, kuli MeerKAT, madishi 64 omvetsera mafunde ochokera kuthambo, anaikhazikitsa 2018 ndipo ndi gawo la chimpulojekiti cha SKA, chomanga telesikopu yaikulu yomvetsera kuthambo. Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana nawo, ife mulibe, zomwe zimandiwawa ndithu. Kulinso pulogalamu ya NASSP ku South Africa komweko, yophunzitsa za nyenyezi ndi zakuthambo pa honours ndi masters, koma kumeneko amafuna fizikisi ndi masamu zamphamvu, ndiye ngati mtima wake uli pa nyenyezi zenizeni aganize bwino, digiri ya fizikisi ingamufikitse msanga kuposa ya miyala. Koma ngati chomwe chimamukoka ndi masetilaiti, zithunzi za Landsat ndi Sentinel ndi zaulele pa intaneti, munthu ali ku Ndirande atha kuona momwe nkhalango ya Dzalanyama ikuthera kapena pomwe madzi a Shire asefukira. Ndipo African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za madroni, inayambira konkuno mu 2020.

Pa zakutchuka, poti munafunsanso ngati mwana wamkazi angapite nazo patali, mukapita ku museum ya ku Karonga mukaona mafupa a Malawisaurus, dinosaur, chinyama chachikulu chakalekale chomwe chinatha. Mmodzi mwa omwe anapereka dzina limenelo mu 1993 ndi mayi wachimalawi, Elizabeth Gomani, ndipo mu 2005 iye yekha anafotokoza dinosaur wina nkumutcha Karongasaurus. Mumsewu ambiri sangamudziwe, koma aliyense padziko wolemba za nyama zimenezi amatchula dzina lake.

Ndiye mayi, m'malo molimbana naye, bandulo imene ikuthera mavidiyoyo muuzeni apange dawunilodi QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu, ndi yaulele, ayambe kuseweretsa mapu a mudzi wanu podikira kusankhidwa, aphunzireko ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, olo pang'ono. Akalowa sukulu holide iliyonse azisaka attachment olo yosalipidwa, chifukwa mabwana a ntchito zimenezi amayamba afunsa kuti unagwirako kuti asanaone ndi satifiketi yomwe. Ndipo nsapato zolimba za kutchire zija muyambiretu kusungira ndalama, sizotchipa.