Voisi noti ya msuweni pa funso la business analysis

Halo... eya, ikujambula. Moni nonse m'gulumu, akuluakulu pepani ndichulutsa zonena, amene bando yatsala pang'ono angodumpha. Iyi ndi ya msuweni wanga amene analemba dzulo 11 koloko usiku kuti "asuweni, kodi mu digiri ya kompyutayi amaphunzitsa business analysis kapena munthu akachite kosi ina payekha?"

Iwe. Iwe mtsikana iwe. Munthu safunsa za business analysis 11 koloko usiku sabata yomwe zotsatira za semesita zatuluka, hehe. Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chija, wakupweteka eti? Usayankhe muno, bambo ako ndaona awerenga kale... ayi amalume, mtima m'malo, mwanayu sanandiuze kanthu, ndi ine ndikungolota. Koma funso lako lenileni ine ndalimva, ukufunsa ngati kuli ntchito ya zamakompyuta yoti munthu n'kudya osalembanso khodi, malamulo timalembera kompyuta aja. Ndiyankha, koma dikira kaye, ndiyambire kwa amalume aku Lunzu, bambo ako aakulu.

Ndili chaka chachiwiri, holide yaitali ija, chaka chomwe agogo anaterereka kumjigo chija, ndinapita kukakhala kwawo. Nthawi imeneyo ndangophunzira database, kasungidwe ka zinthu mwadongosolo mu kompyuta, matama ali tho, ndikuyenda ngati ine ndi amene ndinapanga intaneti. Ndiye ndawapeza kuchigayo ali ndi kope lawo la hadikava lakuda lija, lomwe linasowa pamaliro paja mpaka anthu osalankhulana mwezi wathunthu... aaa tisayambe zimenezo, ena akwiyanso. Ine n'kuti amalume, zamakopezi n'zachikale, ndikupangirani sisitimu. Iwo osatsutsa, mukuwadziwa, anangoti "panga mphwanga."

Masabata atatu ndili pa laputopu. Ayi, anayi, poti sabata ina chaja inapsa. Ndinapanga chinthu chokongola abale inu, polowera pofuna pasiwedi, lipoti la pamwezi, tchati cha mitundumitundu. Munthu akabwera kudzagayitsa ulembe dzina, makilogalamu, ndalama, n'kudina Save, basi.

Tsiku loyamba, kasitomala woyamba, mayi wasenza ndowa. Ine ndi mawu anga a ku koleji, mayi makilogalamu angati? Mayi kundiyang'ana, mnyamata wapachigayo kundiyang'ana. Pachigayopo palibe sikelo! Amayeza ndi ndowa, ndipo pali ndowa yosefukira, pali ndowa yoperewera, pali beseni, pali kathumba ka shuga, mtengo wake mnyamata uja amangoona ndi maso. Chabwino, ndinalemba zongopeka. Wachiwiri anabwera kudzakonoletsa, ati ndalama ndilibe koma madeya ndisiya. Kumene madeyawo amalume amaunjika kuseri n'kumagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku, mwezi wina phindu lenileni limachokera komweko, ine mu sisitimu yanga mulibe ngakhale pokanda mawu oti madeya. Wachitatu kamwana kotumidwa, ati amayi akuti mulembe, adzapereka akagulitsa nandolo. Ngongole! Ine ndinaika lamulo loti pa ndalama pasakhale popanda kanthu, ndiye chinthu chikukana kuseva, chikungolira ting'i ting'i, mzere wa azimayi wafika kumsewu, wina n'kukuwa kuti kodi lero tigayitsa pa wailesi yakanema? Kenako magetsi thii, batire ya laputopu yanga inali ya maminitsi khumi.

Amalume chete. Anangopisa m'thumba la jekete lija lomwe savula ngakhale mu Okutobala, kope pa bondo, kunyambita chala, mzere wonse kutha. Madzulo tikudya ndi pomwe anandionetsa mkati mwake, ine kakasi. Muli zizindikiro zawozawo, kamtanda ndi munthu wovuta kubweza, kozungulira ndi wachibale woti usamukumbutse pagulu, timizere tiwiri ndi wa madeya. Ndipo anthu ena m'gulu muno ali ndi kamtanda, sinditchula, akudzidziwa, hahaha... azakhali ine sindinanene inu. Ndiye anandifunsa funso limodzi lokha, osakweza mawu, ati "mphwanga, masabata onsewa unandifunsa liti mmene ndimagwirira ntchito?"

Eee. Nsima inakanika kutsika.

Ndiye, mmm, ndimati chani... eya. Msuweni, khodi yanga ija inalibe vuto ngakhale limodzi, ukanapita nayo kwa alekichara ndikanakhoza bwinobwino. Chomwe ndinalephera ndi chomwecho ukuchitchula kuti business analysis. Ndi kukhala pansi ndi mwini ntchito, kuona mmene zinthu zikuyendera panopa, amati as-is, kenako n'kugwirizana mmene zizidzayendera, to-be, munthu asanalembe mzere ndi umodzi womwe. Ndipo inde, mu digiri yakoyo zilimo, kungoti sizibwera zitavala dzina limenelo. Zabisala mu Systems Analysis and Design, mu Software Engineering kumene mumaphunzira requirements, zomwe mwini ntchito akufuna, mu Databases pojambula ERD, chithunzi choonetsa mmene data ikulumikizirana, mu Project Management. Makosi omwe ana ambiri amaloweza usiku umodzi poti ati ndi manotsi chabe. Alipo madigiri ena opendekera kwambiri mbali imeneyo, ngati Business Information Technology ya ku MUST ku Thyolo, koma usayambe zosintha pulogalamu, fizi yake bambo ako anagulitsa kale njinga yamoto ija.

Ma use case aja mumajambula tianthu ta timitengo poonetsa amene adzagwiritse ntchito sisitimu ndi zomwe azidzachita, ine ndinkawaseka, koma ndikanajambula kamunthu kamodzi kolembedwa "wobwera ndi madeya" sindikanachita manyazi ku Lunzu. User story ndi chiganizo chimodzi chokha, ndine ndani, ndikufuna chani, chifukwa chani. MoSCoW ndi kusanja zofunika, izi zikhalepo zivute zitani, izi zingadikire, izi ulendo uno ayi, tchati changa cha mitundumitundu chija chinali cha ulendo uno ayi. Ndipo kumapeto kuli UAT, eni ake amayesa okha chinthucho musanachitulutse, osati kuyesera pa azimayi anjala ngati ine.

Koma pano ndiye mvetsera, chotsa mahedifoni amodziwo... kapena ayi, vala onse. Kumeneku sikothawirako khodi. Ine kuntchito ndimakhala pakati, uku a akaunti akufuna zawo, uku anyamata a khodi, ndipo anyamata amenewo akangodziwa kuti sudziwa kanthu amakuuza kuti "sizingatheke" pa chinthu cha maola awiri, iwe n'kupita kukauza abwana kuti sizingatheke. Sukuyenera kukhala katswiri wa Java ayi, koma uzitha kuwerenga, uzidziwa kuti ichi n'chovuta ichi n'chaulesi chabe. SQL yokha, chilankhulo chofunsira database chija, ndiye usanyengerere, malamulo ake a JOIN ndi GROUP BY akhale ngati dzina lako, ndi Excel ya pivot table, yosonkhanitsira manambala mwachidule ija, poti theka la mafunso a abwana yankho lake lili mu data, ukadikira wina akutulutsire udikira mpaka Lachisanu. Ngati pali sapu, mayeso obwereza aja, ndati ngati, amalume, ngati, kalembe ukhoze.

Za satifiketi, ilipo ya bungwe la akatswiri a business analysis la IIBA yotchedwa ECBA, ya oyamba kumene, safuna kuti ukhale unagwirapo ntchito. Koma amalipiritsa m'madola, ndiye imeneyo isiye kaye, udzaione ukayamba kulandira.

Panopa chita izi. Amayi ako ali mu banki m'khonde ija ya Lachitatu, eti? Holide ino pita nawo katatu, khala kumbuyo, pakamwa tseka, uzingolemba. Masheya amagula bwanji, chiwongoladzanja amawerengera bwanji, wochedwa chindapusa chake amalemba pati, ndalama ya zadzidzidzi amasunga ndani, nanga wina akamwalira ali ndi ngongole zimatha bwanji. Ukatero jambula papepala, ukawaonetse alembi a gululo, akuuza pomwe wanama, ndipo unama ndithu. Imeneyo ikhoza kukhala pulojekiti yako ya chaka chomaliza. Pa ntchito za m'magulu kusukulu uzidzipereka kukhala wopita kukafunsa anthu, ena onse amathawa zimenezo, ndipo ukadzapita ku attachment usakakhale wongolumikiza maprinta, upemphe kulowa nawo m'mamitingi ngakhale wolemba maminitsi.

Iwe ndiwe uja unkafunsa agogo mafunso mpaka kukuthamangitsa ndi chipande, ndiye pakufunsa ndilibe nawe nkhawa. Ndikungoti zomwe ukufunazo zili kale mu digiri yomwe uli nayoyo, usazisake kutali, koma khodi usaitaye. Wamva? Kosi ina ayi. Maliza yomweyo, Java umukhoze ngakhale ndi 50, SQL umudziwe, kenako kafunse anthu mmene amagwirira ntchito usanawapangire kanthu.

Iii yafika maminitsi naini. Undiimbire pawekha madzulo undiuze zoona zake za zotsatirazo. Ndipo amalume aku Lunzu, ndikudziwa wina akuseweretsani voisi imeneyi, laputopu ija munati mukungobwereka kuti ana aonere mpira, papita zaka zingati kodi? Ine mu kope langa ndakuikani kamtanda.