Alamu akuti shopu ndi yawo okha: lamulo likuti chiyani?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mukuti inu ndi alamu anu munasonkherana mpamba n'kutsegula shopu ya mpunga wa ku Chilwa mumsika wa Zomba. Makasitomala amalipira pa nambala ya Airtel Money ya alamuwo, ndipo lero akuti bizinesi ndi yawo poti simunalemberane kanthu.

Mtima ukhale m'malo. Lamulo la Partnership Act silidikira pepala. Anthu awiri akamachita malonda limodzi kuti apeze phindu, ubale wa pabizinesi ulipo kale, ngakhale anangogwirizana pakamwa ali pakhonde. Ngati simunapangane kagawidwe kena, phindu mumagawana mofanana, ndipo muli ndi ufulu woona mabuku a shopu tsiku lililonse. Koma dziwaninso kuti ngongole za shopuyo nazo ndi zanu nonse. Alamu akakatenga matumba pangongole m'dzina la bizinesi, mwini mpunga akhoza kugogoda pakhomo panu.

Nkhani yagona pa umboni, ndipo umboni wanu uli m'foni. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limalola khoti kulandira mauthenga a pafoni ndi pa intaneti. Uthenga wa pa WhatsApp uja woti "mlamu, gawo lanu la mwezi uno ndatumiza" ndi wamtengo wapatali. Musafufute, foniyo musaigulitse, ndipo musangodalira zithunzi za mauthengawo, chifukwa khoti lingafune kuona foni yeniyeniyo. Pitani ku Airtel mukapemphe sitetimenti ya nambala yanu, ioneke ndalama imene munatumiza ndi tsiku lake. Ya alamuwo sangakupatseni inu, koma mlandu ukalowa, khoti likhoza kulamula kuti ibwere.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musakawayalutse pa Facebook. Lamulo lomwelo limalanga mauthenga onyoza munthu, ndiye mungapezeke wodandaula mwasanduka woimbidwa mlandu.

Yambani ndi kalata. Alembereni kuti mukufuna kuona mabuku pofika tsiku lakuti, kapena kuti mukuthetsa mgwirizano, katundu awerengedwe, ngongole zibwezedwe, chotsala mugawane. Asayinire kuti alandira, inu musunge kope. Popeza ndi nkhani yapachibale, kuitana ankhoswe kuti mukhale pansi si kufooka ayi. Kungoti chimene mugwirizane ulendo uno chilembedwe, mboni zisayine.

Zikakanika, khoti lilipo konkuno ku Zomba, la majisitireti ndi High Court yomwe, ndipo kumene mungapite kumadalira kuchuluka kwa ndalama. Ku High Court milandu yambiri yotere imayamba yadutsa pa mkhalapakati isanazengedwe. Mukaona kuti matumba akutuluka usiku, loya akhoza kupempha khoti kuti lipereke chiletso msanga. Ngati ndalama ya loya palibe, kafikeni ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa ndalama pa milandu, ali ndi ofesi mumzinda momwemu.

Musazengereze, mayi. Milandu ya mgwirizano ili ndi malire a zaka 6, koma mpunga umene uli m'shopumo sungathe ngakhale miyezi iwiri usanagulitsidwe.