Anakusamutsani mutafunsa za mabuku: miyezi 3 inayamba kale kuwerengedwa

Aphunzitsi,

Mwalemba kuti mumaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji. Pa maphunziro a silabasi yatsopano ku TDC (malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi m'zoni) munaimirira n'kufunsa kuti ana opitirira 100 muwaphunzitsa bwanji pomwe mabuku awo sanafike, ndipo buku la mphunzitsi mukubwerekana makalasi awiri. Sabata isanathe munalandira kalata yokusamutsirani ku sukulu ya cha ku Mkanda, yopanda chifukwa ngakhale chimodzi. Simunapite. Miyezi iwiri yadutsa, a PEA (mlangizi wa sukulu zapulaimale m'zoni yanu) akungoti "dikirani tikambirane ndi abwana," ndipo malume anu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukufuna kudziwa ngati mungakasume.

Silabasi yeniyeniyo simungaisumire. Imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, unduna wa zamaphunziro n'kuivomereza, monga zinakhalira ndi silabasi ya pulaimale ya PCAR mu 2007. Mphunzitsi wa boma amayenera kuiphunzitsa. Koma kufunsa za mabuku pa msonkhano umene munaitanidwirako si mlandu. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wolankhula, ndipo gawo 43 limati ofesi ya boma ikachita chinthu chokhudza ufulu kapena zofuna za munthu, itsate njira yachilungamo ndipo ipereke zifukwa molemba. Kalata yokusamutsani yopanda chifukwa ija ndi pamene pali dandaulo lanu.

Chondidetsa nkhawa ndi nthawi. Munthu wofuna kuti Bwalo Lalikulu liunikenso chigamulo cha ofesi ya boma amayenera kufikitsa pempho lake pasanathe miyezi 3 chigamulocho chitaperekedwa. Zili mu Order 19 ya malamulo oyendetsera milandu ku bwalolo a 2017. Miyeziyo imayambira pa deti la chigamulo. Siyambira tsiku limene mwatopa kudikira, kapena limene a PEA asiya kuyankha foni. Kupita ku ofesi ya zamaphunziro kuboma Lolemba lililonse, kukhala pa benchi kuyambira m'mawa, kuuzidwa kuti abwana ali ku msonkhano ku Lilongwe, zonsezi siziimitsa tsiku ngakhale limodzi. Ndaonapo aphunzitsi akubwera ndi kalata yopindapinda mu envulopu yakhaki, sitampu yake ikuonetsa theka la chaka chapita, nkhani yawo yomveka bwino ndithu, koma loya wa boma sanavutike n'kuyankha za kusamutsako. Anangoloza deti. Bwalo lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi, inde, koma limafuna chifukwa chogwira mtima, ndipo mawu akuti "anandiuza kuti ndidikire" opanda pepala sakhala olimba pamaso pa jaji. Amene anakuuzaniyo tsiku la mlandu sakumbukira n'komwe kuti munakumana.

Pali mbali ina imene imasokoneza anthu. Bwalo limakondanso kufunsa ngati munayamba mwadandaula kwa olemba ntchito anu musanabwere. Ndiye mphunzitsi amati ndiyambe ndathana nazo kuofesi, miyezi n'kumapita. Njira yake ndi kuchita ziwirizi nthawi imodzi. Lembani kalata lero, yopita ku ofesi ya DEM (mkulu wa zamaphunziro m'boma lanu) kudzera kwa ahedi ndi a PEA, kope lina kupita ku Teaching Service Commission, bungwe loona za ntchito ya aphunzitsi a boma. Tchulani deti la kalata yokusamutsani, pemphani zifukwa molemba potsamira gawo 43, ndipo nenani kuti mukuyembekezera yankho pasanathe masiku 7. Kope lanu alidinde sitampu ndi kusayinira pamaso panu. Akakana kudinda, lembani dzina la amene wakana, deti ndi ola. Masiku 7 akatha opanda yankho, muli ndi umboni woti munayesa, ndipo nthawi ya ku bwalo idakalipo pang'ono.

Malume anu akufunirani zabwino, koma si iwo amene adzakhale opanda malipiro. Chimandinyansa n'chakuti anthu a m'maofesi ena amadziwa bwino lomwe za miyezi 3 imeneyi, komabe amauza mphunzitsi kuti adikire, osamulembera ngakhale kamzere kamodzi.

Sindikulonjezani kuti mupambana. Kusamutsa mphunzitsi m'boma lomwelo ndi mphamvu ya olemba ntchito, ndipo mabwalo salowererapo mwachisawawa. Akhoza kubwera ndi kaundula woonetsa kuti ku Mkanda kuli ana ambiri aphunzitsi ochepa, ndipo chifukwa chimenecho n'chomveka. Inu muyenera kuonetsa kuti chinali chilango chobisika: kuyandikana kwa masiku, anzanu amene anamva funso lanu, mawu aliwonse oopseza amene ananenedwa pambuyo pake. Jaji akhozanso kunena kuti iyi ndi nkhani ya pantchito, ipite ku Industrial Relations Court. N'chifukwa chake loya ayenera kuona mapepala anu sabata ino, asankhe khomo loyenera.

Kukhala kunyumba kuleke. Kujomba popanda chilolezo ndi mlandu pawokha m'malamulo a ogwira ntchito m'boma, ndipo kukhoza kukuchotsetsani ntchito nkhani ya mabuku isanamveke n'komwe. Kafikeni ku sukulu yatsopanoyo, sayinani buku la nthawi, ndipo m'kalata yanu munene kuti mwapita pomvera lamulo koma simukugwirizana nalo. Ngati pali vuto la matenda kapena nyumba, lilembeni, chikalata cha kuchipatala chikhale pomwepo. Za miyezi iwiri imene mwajombayi adzakufunsani, ndiye konzekerani yankho loona.

Sungani mapeyisilipi, kalata yokuitanirani ku TDC ndi mauthenga a pa WhatsApp. Ajambuleni foni isanatayike. Dziwitsani a Teachers Union of Malawi a m'zoni yanu, koma nawonso molemba, ndipo musaganize kuti iwo akalowererapo nthawi yaima. Akakuitanani ku mlandu wa mwambo, pemphani milandu yanu papepala ndi nthawi yokonzekera, pakuti gawo 57 la Employment Act ya 2000 silola kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mpata woyankha. Zikafika pochotsedwa, gawo 62 limaperekanso miyezi 3 yokadandaula kwa ofisala wa zantchito wa m'boma lanu. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo mwaulere, koma kulembera kumeneko sikuimitsa nthawi ya ku bwalo. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, mutanyamula kalata yokusamutsaniyo, ndipo chinthu choyamba kuwaonetsa chikhale deti lake.