Funsani Amakaniko: Tayala la Njinga Yamoto pa Ulendo wa Katundu Wolemera

Funso: Ndili ndi njinga yamoto ya 150cc, tayala lakumbuyo ndi 3.00-18. Mwezi wamawa ndinyamuka kuno ku Mzuzu kupita ku Karonga ndi mayi akunyumba, zikwama ziwiri ndi thumba la ufa. Ulendo wathawu chubu chinaphulika kawiri, tayala n'kudyeka m'mbali zonse ziwiri. Anzanga akuti ndizichepetsa mpweya kuti njinga isamadumphe. N'zoona? — Bambo wa ku Chibavi

Yankho: Bambo, malangizo a anzanuwo ndi amene angakutherereni machubu. Tayala likadyeka m'mbali pakati pali bwino, ndiye kuti mpweya unali wochepa. Tayala lofewa lomwe lasenza katundu limapindika m'nthiti paliponse likazungulira, n'kutentha, n'kumakhula chubu mkati. Mukagwera m'dzenje, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Nthawi zina tayala limaterereka pa limu mpaka kuzula valavu, ndipo pamenepo chigamba sichithandiza.

Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni kapena m'buku la njingayo. Njinga zambiri za msinkhu wanu zimafuna pafupifupi 25 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kutsogolo, 28 kapena 29 kumbuyo mukakhala nokha, ndi 32 kapena 33 mukanyamula munthu ndi katundu. Nambala yolembedwa "max" pa tayala ndi malire, si mlingo woyendera.

Yezani ndi geji m'mawa njinga isanayende, osati kufinya ndi chala. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: anyamuka m'chisanu cha Mzuzu, atsika phiri la Chiweta n'kufika kotentha kunyanja, geji n'kuonetsa kuti mpweya wakwera ndi 3 kapena 4 psi, iwo n'kuphwetsa. Musatero. Ndi kutentha chabe. Tayala likazizira lidzakhala lopereweredwa.

Pogula, werengani nambala yotsatira saizi. 47P imasenza makilogalamu 175, pomwe 52P, yomwe kawirikawiri imalembedwanso 6PR kapena Reinforced, imasenza 200. Kwa inu ndi 52P basi, chifukwa kulemera kwa mayiwo ndi ufa kumagwera tayala lakumbuyo. Komabe tayala lolimba silikweza malire a katundu amene analembedwa m'buku la njinga. Ngati mwapitirira, ufawo muutumize pa basi. Zikwama zolemera mumange m'munsi ndi m'mbali, zilingane uku ndi uku.

Tayala latsopano lilowe ndi chubu chatsopano, poti chakale chinatanuka ndipo chimapindika mkati. Onaninso lamba wophimba mitu ya masipoko, ndipo kamuvi ka pa tayala kaloze komwe gudumu limazungulira.

Funso: Kodi matayala a kaunjika ndi abwino ngati mizere yake ikadali yakuya? — Mlongo wa ku Luwinga

Yankho: Achemwali, pa ulendo wautali sitikulimbikitsani. Fufuzani manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT zomwe zili m'mbali mwa tayala: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Likapitirira zaka zisanu labala amakhala atayamba kuuma, ndipo pa phula lonyowa ndi mvula ya kuno limaterera ngakhale likuoneka bwino. Lipindeni ndi manja muone ming'alu m'nthiti ndi pansi pa mizere. Mizere ikatsala mamilimita awiri, sinthani musananyamuke.